Chifundo cha a Macario m'munda wa nsawawa

Fidelia Canú anamva fungolo asanafike n'komwe pachikwangwani cha munda wake. Linali fungo limene aliyense wokulira m'minda ya kumtunda kwa tauni ya Patzún amalidziwa, lonunkha ngati adyo wowola, lokakamira pakhosi. Anatula dengu n'kulowa m'mizere ya nsawawa. Masamba onse anali ndi timadontho toyera touma. Pa maluwa amene anadzala m'mphepete mwa munda panalibe njuchi youluka ndi imodzi yomwe. Zonse zinali pansi, pamodzi ndi tizilombo tofiira tamadontho akuda tija ankatisamala ngati anapiye ake. M'dothi lofewa munali mapazi a magambutsi aakulu, oyenda mzere ndi mzere mosaphonya.

Umenewu unali munda wachitsanzo. Boma linapereka mlangizi ndi mapaipi othirira madontho. A ku yunivesite ankaphunzitsa njira yothana ndi tizilombo toononga popanda mankhwala oopsa: maluwa oitana tizilombo todya tinzake, mapepala omata ndi sopo. Kampani inalonjeza kugula nsawawa za alimi onse a m'gulu n'kuzitumiza kunja, kwa anthu amene amazidya ndi makoko omwe. Lamulo lalikulu linali limodzi. Mankhwala a chizindikiro chofiira asayandikire mbewu, chifukwa ogula a kunja amayeza, ndipo akangowapeza amabweza katundu yense n'kutseka dzina la mudzi.

Mwa minda yonse anasankha wa Fidelia, ndipo aka kanali koyamba kuti ulemu wotere ugwere mayi. Koma tisabise, masabata oyamba mundawo unkamvetsa chisoni. Tizilombo toononga timafika msanga, tothandiza timabwera mochedwa ngati alendo olemekezeka. Masamba anapotana, makoko ena anachita zipsera, ndipo odutsa mumsewu sankabisa kuseka kwawo. Sabata yathayi ndi pamene zinthu zinayamba kutembenuka.

"Mwadzuka bwanji, akomadre?"

Anali a Macario Yos, akukwera njira ndi kavalo wawo wosenza nkhuni. Anavula chipewa, nkhope ikuwala.

"Ndadzuka, akompadre. Kaya inu ndi akomadre kunyumba?"

"Tili bwino. Nanga munda mwauona?"

Fidelia anayang'ana njuchi zija pansi. "Ndauona."

"Dzulo muli kumsika ndinati ayi, izi zanyanya. Anthu aziseka munda wa Bartolo ine ndili moyo? Ndinatenga mpope wanga m'mamawa, dzuwa lisanatenthe ndinali nditamaliza. Ana a sukulu aja akufuna kuthamangitsa tizilombo ndi maluwa, ngati akufunsira mbeta. Muone mawa, masamba onse atambasuka."

A Macario ndi amene ananyamula Marisela, mwana wa Fidelia, pa ubatizo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakhala akompadre, m'bale wa pa ubatizo, Fidelia n'kukhala akomadre awo. Munthu wotere sumutchula dzina, sumukwezera mawu, ndipo chimene wakupatsa umalandira ndi manja awiri. Pamene Bartolo, mwamuna wa Fidelia, ankanyamuka kupita ku dziko la kumpoto, kutsidya kwa malire, kukakhoma madenga a eni ake, anagwira dzanja la a Macario n'kunena kuti, "Mundionere banja ndi munda." Iwo anasunga mawuwo kuposa mmene achibale enieni akanachitira. Denga likadontha ankakwera ndi iwo. M'gulu la alimi sanalowemo, ankati misonkhano ndi ya anthu amene makasu awo ali ndi dzimbiri. Ankalima kabichi wogulitsa ku Patzún monga ankachitira bambo awo, ndipo za lamulo la chizindikiro chofiira ankangozimvera patali ngati nkhani za eni ake.

"Zikomo, akompadre," anatero Fidelia. Mawuwo anatuluka okha, mmene amatulukira mawu ozolowera.

"Musathokoze, ndi udindo. Komanso mawu a tsiku lija ndakonza kale. Abale a mnyamata wofuna kukwatira Marisela akabwera ndi madengu awo kudzamupempha, adzadziwa kuti mwanayu si wotola pamsewu."

Anavala chipewa, namenya kavalo pang'ono. Fidelia anatsala ataima pakati pa njuchi zakufa.

Masana Marisela atabwera kuchokera ku shedi ya kampani, kumene ankagwira ntchito yosankha nsawawa, anapeza mayi ake akuwomba matotiya, timikate topyapyala ta ufa wa chimanga, mwaukali ngati ufawo wawalakwira. Atamva nkhaniyo anakhala pansi osavula n'komwe epuloni yake ya kuntchito.

"Amayi, makina oyezera mankhwala aja sanamizika. Ngakhale mvula igwe usiku ndi usana, awapeza ndithu. Ndipo nsawawa zikalowa mushedi timazisakaniza, sitilemba kuti izi n'za uje. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola."

"Ukuyesa sindikudziwa?"

"Ndiye kauzeni a Marleny a ku yunivesite aja kuti anapopera ndi ababa anga aubatizo. Sanachite mwadala."

"Ndiwatchule pamaso pa anthu? Bambo wa imvi, mudzi wonse uziti ndi amene anafuna kutsekera anzake msika? Ukuwadziwa iwe. Sadzapondanso pakhomo pano. Nanga tsiku lako pampando wa bambo ako padzakhala ndani? Mphaka?"

Marisela anaseka pang'ono, koma misozi inali pafupi. Kuno abale a mnyamata akabwera kudzapempha mtsikana, payenera kukhala bambo wowalandira, wowavuta ndi mafunso, wolangiza ana awiriwo atagwada. Bartolo sakanatha kubwera, chifukwa wotuluka kumpoto wopanda mapepala salowanso. Nyumba yopanda wolankhula anthu amaiona ngati yopanda mwini, ndipo mtsikana wochokera m'nyumba yotero amalowa ku banja la eni ake mutu uli pansi.

"Nanga mukangokhala chete?" anafunsa Marisela motsitsa mawu. Kenako anadziyankha yekha. "Ayi. Kushedi kuja kuli amayi ambiri odyera pomwepo."

Madzulo dzuwa likupendeka, Fidelia anagula buledi wotsekemera, namukulunga m'kansalu koluka, n'kupita kwa a Macario. Ankaganiza kuti akawafotokozera awiri okha, mwina iwo eni apeza njira. Anapeza a Petrona, akazi awo, akuwawiritsira masamba a bulugama.

"Lowani, akomadre. Mwamva mmene akutsokomolera anzanuwa? Ndi mankhwala aja. Botolo lomaliza limenelo, ankalisungira kabichi wathu. Ndinawauza kuti bambo inu, nanga ifeyo? Akuti kabichi ndi kabichi, koma mawu amene ndinapatsa Bartolo ndi mawu."

"Iwe, usamuchititse manyazi mlendo," anatero a Macario ali pabenchi, atafunda bulangete. "Akomadre, mwabwera ndi nkhani?"

Fidelia anayang'ana maso awo ofiira ndi manja awo osweka. Nkhani imene anaikonza njira yonse inasungunuka m'kamwa.

"Ndangobwera ndi kabuledi, akompadre."

Anabwerera kwawo akudzitukwana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ankadziwa bwino lomwe, koma kudziwa mwambi sikutsegula pakamwa.

Tsiku la chionetsero cha mundawo linakwana sabata yomweyo. Kunacha bwino, phiri la Acatenango likuoneka lonse popanda mtambo. Galimoto zinaima m'mbali mwa msewu. Alimi a m'gulu anasonkhana, ndi ena ongobwera kudzaonerera. A Macario anaima kumbuyo pafupi ndi mpanda, atavala jekete la kutchalitchi. Anabwera kudzamva munda wa Bartolo ukutamandidwa.

Abwenzi atatu a ntchitoyi ankagwirizana ngati anthu atatu onyamula tebulo pakhomo lopapatiza, aliyense akuuza mnzake kopotolera. Wilmer Sincal, mlangizi wa boma, ankafuna chithunzi chabwino choti akaonetse akuluakulu ake. A Rigoberto a ku kampani ankafuna kudziwa kuti lole idzadza liti, ndipo ankathyola makoko n'kumawayang'ana padzuwa. Marleny Ajú wa ku yunivesite, mwana wa tauni yoyandikana nayo, sankamvera aliyense. Anali atagwada kale m'mizere ndi kagalasi kake kokulitsa zinthu.

"Mutu umodzi susenza denga," anayamba Wilmer. "Boma palokha silingathe. Kampani payokha siingathe."

"Kampani ingathe mutatikonzera msewu uja," anatero a Rigoberto osadzutsa mutu. Anthu anaseka.

"Msewu uli m'mapulani, bwana."

"Unali m'mapulani ndili mnyamata."

Wilmer anapitiriza, akuloza masamba otambasuka. Anati onani nokha, popanda dontho la poizoni. Anati chaka chamawa njira imeneyi ifika m'midzi yonse ya kumtunda, ndipo zonsezi zatheka chifukwa cha mayi mmodzi wolimba mtima. Anthu anawomba m'manja. Fidelia ankangoyang'ana zala za kumapazi kwake.

Marleny anadzuka pang'onopang'ono, akusasa mawondo. "Pali chimene sindikumvetsa. Toononga tatha, chabwino. Koma tothandiza tija tapita kuti? Ulendo wathawu tinali tambirimbiri. Lero ngakhale kangaude palibe."

"Tamaliza ntchito, tapita kutchuthi," anatero Wilmer. Anthu anasekanso, koma Marleny sanaseke.

"Makoko ndi abwino," anatero a Rigoberto. "Mawa muthyole, mayi. Lole iyambira pano, kenako kwa enawo."

Apa ndi pamene panathera njira. Fidelia anaona amayi a m'gulu ataima pamodzi ndi ana kumbuyo, ena a iwo amuna awo ali kumpoto ngati wake. Anaonanso jekete la kutchalitchi lija pafupi ndi mpanda. Mawu ake anatuluka omveka.

"Nsawawa izi zisakwere lole. Zapoperedwa mankhwala ofiira aja."

Kavalo wa munthu wina anafwenthera kumsewu.

"Wapopera ndani?" anafunsa Wilmer, mawu atauma.

"Munda ndi wanga."

"Sindinafunse mwini munda, mayi. Ndafunsa wapopera."

"Ndine. Ndinaona masamba akupotana, ndinachita mantha."

Atanena zimenezo anadikira. Iye mwini sankadziwa kuti akudikira mpaka atamva makutu ake akutchera kumbuyo. Anali atasankha kuwateteza, inde, ndipo akanawaletsa akanayamba kulankhula. Komabe pansi pa mtima ankayembekeza kumva kutsokomola kuja, ndi mawu oti, ayi, akomadre akunama, ndine. Kumpanda sikunachokere kanthu. Atacheuka anaona chipewa cha a Macario chitatsika mpaka kuphimba maso, manja awo atagwira mtengo wa mpanda.

"Tinanena ife," anang'ung'udza bambo wina wa m'gulu, mokweza ndithu kuti amveke. "Munda wachitsanzo n'kupatsa mzimayi? Akazi sachedwa kugwidwa mantha."

Mawu amenewo anamupweteka Fidelia kuposa zonse za tsikulo. Masabata onse aja anapirira kusekedwa, osakhudza botolo, ndipo tsopano dzina lake linakhala umboni wa anthu onyoza.

A Rigoberto anataya khoko limene linali m'manja, napukuta zala pa thalauza. "Mwachita bwino kunena katundu asanafike kudoko. Mukanakhala chete, tonse pano tikanalira. Koma lamulo mukulidziwa. Chaka chino kampani siigula kanthu m'munda uno."

Wilmer sanafune n'komwe kumuyang'ana. "Ndinakumenyerani nkhondo ku ofesi, mayi Fidelia. Ankati tipatse bambo, ine ndinakana. Ndikanene chiyani tsopano?" Anauza anyamata a galimoto kuti azule chikwangwani. Mapaipi othirira anati adzawatenga akapeza munda wina.

Anthu atabalalika, Marleny anatsala. Anayenda m'mzere umodzi, naima pamene dothi linasunga phazi la gambutsi. Anaika phazi lake pambali pake, kenako anayang'ana nsapato zazing'ono za Fidelia.

"Mapazi anu amakula mukasenza mpope, amayi?"

"Ndi magambutsi a bambo ake a Marisela. Anawasiya."

"Chabwino." Marleny anabweza phazi lake. "Ine ndikalemba kuti munda unapoperedwa, basi. Za amene anapopera si sayansi." Anatola kachilombo kofiira kakufa, nakaika pachikhatho. "Tinakhala miyezi tikukangana atatu, ife ndi boma ndi kampani, kuti aliyense achite chiyani. Kenako tinaphunzitsa amene analowa m'holo. Sitinafunse kuti kuno munda wa munthu amaugwira ndi angati. Poti kuno n'kwathu, ndinayenera kukumbukira. Chaka chamawa ndiyenda khomo ndi khomo, kaya ali m'gulu kaya ayi."

"Chaka chamawa," anatero Fidelia. Sananene monyoza. Ankangoyeza kutalika kwake.

M'mawa mwake anatenga chikwanje n'kugwetsa nsawawa zonse. Mayi wina woyandikana naye anamuuza kuti asapuse, akagulitse kumsika wa ku Patzún kumene kulibe makina oyeza. Fidelia anayankha kuti ana a ku Patzún ali ndi mimba ngati ana a kunja, ndipo anakumba dzenje n'kukwirira zonse. Lole inadutsa pamsewu itadzaza nsawawa za anzake, osaima.

A Macario sanaoneke. Nkhuni ankadutsa nazo njira ya kumunsi, yotalika, yodzera kumtsinje. Pa Misa ankakhala kutsogolo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Tsiku lina m'mawa Fidelia anapeza thumba la chimanga ndi kabichi atatu pakhomo, popanda wogogoda. Anazilowetsa m'nyumba, chifukwa cha akompadre sichibwezedwa, koma kabichiyo anakhala pakona mpaka anafota. Ankadzifunsa ngati ali ndi ufulu wokwiya. Bodzalo analisankha yekha, palibe anamutuma. Munthu ungamukwiyire bwanji chifukwa cholandira chimene wamupatsa? Koma mkwiyowo unalipo, wosakanikirana ndi chisoni, ndipo sunkachoka.

Loweruka la pempho lija linafika. Fidelia ndi Marisela anamwaza masamba a paini pansi m'chipinda chachikulu, nayatsa makandulo patsogolo pa zithunzi za oyera mtima. Nkhuku zinali pamoto mu msuzi wa nthanga zokazinga. Mpando wa Bartolo anauika pakati. Abale a mnyamata anamveka akubwera ndi madengu a buledi, chokoleti ndi mabotolo, koma mpando unali wopanda munthu. Marisela anayang'ana mayi ake.

Alendo ali pachipata, a Macario analowera khomo la kuseri, a Petrona ali pambuyo. Bamboyo anali ataonda. Anavula chipewa pamaso pa Fidelia.

"Akomadre."

"Akompadre. Mpando wanu uwo."

Ntchito yawo anaigwira bwino, palibe angatsutse. Anawaimika alendo pakhomo nthawi yokwanira kuti adziwe kuti afika pa nyumba ya anthu. Anafunsa mnyamatayo ngati ali ndi munda kapena ali ndi foni yokha, anthu n'kuseka. Anakana pempho loyamba monga mwa mwambo, navomera lachiwiri monyinyirika ngati akuzula dzino. Amalume ake a mnyamata anagwedeza mutu, kusonyeza kuti apeza mnzawo wodziwa kulankhula. Fidelia anaona mwana wake atadzutsa mutu, ndipo anadziwa kuti chimene anagula ndi dzina lake chafika.

Kenako ana awiriwo anagwada pa masamba a paini kuti alandire malangizo. A Macario anaika manja pamitu pawo. Analankhula za kudzuka m'mamawa, za kulemekeza apongozi, za kusatengera nkhani za m'nyumba kumsika. Mawu ankatsika bwino, ozolowera, omwe bambo awo ankanena ndi agogo awo omwe.

"Ndipo iwe mnyamata, umve ichi," anatero. "Mwamuna amalakwa, palibe wosalakwa. Koma ukalakwa, uziimirira wekha. Usadzalole kuti mkazi asenze mlandu..."

Mawu anathera pomwepo. Alendo anayang'anana, ena akuganiza kuti ndi chifuwa chija. A Macario anatembenuza nkhope pang'onopang'ono mpaka maso awo anakumana ndi a Fidelia, koyamba chichokere tsiku la chionetsero. Munali misozi, ndipo Fidelia anaona kuti bamboyo watsala pang'ono kunena zonse pomwepo, pamaso pa apongozi atsopano, pa tsiku la mwana wake.

Anadikira mawu amenewo masabata onse aja. Tsopano anafika pa tsiku lokhalo limene sakanatha kuwalandira.

Ananyamula jagi ya chakumwa chotentha cha chokoleti, nadutsa pakati pa alendo, nadzaza kapu ya a Macario mpaka m'milomo. Anaipereka ndi manja awiri.

"Imwani pakhosi pafewe, akompadre," anatero motsitsa. "Ndipo pitirizani. Ana akumvetsera."